Ofesi ya uphungu wa zamakoleji pafupi ndi msika wa Kapata: mmene anatithandizira ine ndi muphwa wanga

Muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga wa ku Katete, analemba mayeso a giredi 12 mu 2024. Zotsatira zitatuluka mu Januwale, amake anamukweza basi n'kumutumiza kwa ine kuno ku Chipata, ndipo pafoni anangoti, "Achimwene, mwana wanu uyo, muonereni pogwira." Kwathu kwa Achewa mawu amenewa sabwezedwa. Bambo ake a mwanayu alipo, ndi mlimi wakhama, koma za tsogolo la mwana wa mlongo zimafika pakhomo pa malume. Ine ndine kalipentala, ndimapala matabwa ku Mchini. Za mitengo ya mlombwa ndi paini mutha kundifunsa usiku ndili m'tulo, koma za mafomu a koleji ndinali ndisanazigwirepo chibadwire.

Kumudzi anali atamaliza kale kumusankhira: unesi. Chifukwa chake chinali chomveka. Mu 2022 boma linalemba ntchito aphunzitsi opitirira 30,000 ndi azaumoyo opitirira 11,000 nthawi imodzi, ndipo pamudzi pathu mtsikana wina anali m'gulu limenelo. Chaka chisanathe anafolerera amake nyumba ndi malata. Kuyambira pamenepo kholo lililonse la mwana wamkazi linkaona yunifolomu yoyera ikamagona. Mlongo wanga nayenso sankafuna kumva zina.

Sabata yomweyo pafoni ya muphwa wanga panafika chithunzi cha pa WhatsApp cha koleji ina ya unesi ya anthu wamba, dzina lake sinditchula. Chinali chokongola, atsikana atavala zoyera atanyamula mabuku. Ankati malo atsala ochepa, aliyense wofuna atumize K1,500 pa nambala ya foni kuti amusungire malo. Ndalamayo ndinali nayo, inali ya munthu amene anandipatsiratu kuti ndimukhomere kabati, ndipo ndinaganiza zoibwereka kaye. Mwini kabatiyo, amene ndi mphunzitsi, atabwera kudzaona ntchito yake ndinamuuza zoona. Iye anandiletsa, n'kundilozera kaofesi kamene ndikukamba pano. Anati ndisatumize kanthu ndisanakhale pansi ndi mayi a pamenepo.

Ofesiyi ili kuseri kwa mashopu, kamtunda kochepa kuchokera pamsika wa Kapata. Wanjinga aliyense wa pamsikapo mukamuuza kuti mukufuna kwa amayi othandiza za makoleji akufikitsani. Ndi chipinda chimodzi chogawidwa pakati ndi thabwa lopyapyala. Kutsogolo kuli makompyuta awiri, makina osindikizira ndi mnyamata wolemba mafomu a pa intaneti. Kuseri kuli tebulo, mipando itatu ndi mayi mwini malo, amene anali mphunzitsi wa zauphungu kusekondale kwa zaka zambiri asanapume. Panja pali benchi lodikirirapo. Ife tinalipira K150 ya kukambirana, ndipo ndalama imeneyi inakwanira maulendo onse atatu okambirana amene tinapitako. Fomu iliyonse yolemba pa intaneti inali K50, kusindikiza ndi kujambula mapepala n'kwapadera. Chimene ndinachiona msanga n'chakuti ndalama ya koleji yeniyeniyo salandira. Amakupatsa nambala ya akaunti ya kolejiyo, upite wekha kubanki, ubwere ndi lisiti lokhala ndi dzina la mwana. Pa K150 yanga anandilembera lisiti popanda kuwapempha.

Titakhala pansi ndinayamba kufotokoza kuti banja lagwirizana za unesi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako mwaulemu anati, "Amalume, mundibwerekeko mwanayu pang'ono, mukhale kaye pabenchi." Kunena zoona sizinandikomere. Ndalama ndalipira ine, mwana ndi wanga, ndiye andituluke bwanji? Ndinakhala panja pafupifupi mphindi 40 mvula ikuwaza pakhonde. Lero ndikamaganiza, mphindi zimenezo ndi zimene ndinagula ndi K150 ija, zina zonse zinali zowonjezera.

Atandiitana, sanayankhule iwo. Anauza muphwa wanga kuti andiuze yekha. Mwanayo anayang'ana pansi, mawu akunjenjemera, n'kuti, "Amalume, ine unesi sindiufuna." Anafotokoza kuti ali giredi 11 anakhala masabata atatu kuchipatala cha St Francis ku Katete akudwazika agogo ake. Anaona mmene manesi amagwirira ntchito usiku wonse, amawalemekeza kwambiri, koma tsiku lililonse ankatuluka muwodi mtima ukumuthamanga, chakudya osachifuna. Anadziwa kuyambira pamenepo kuti si ntchito yake, koma sanauze munthu poopa amake. Chimene iye ankafuna ndi zaulimi. Kusukulu ndiye ankasamala dimba ndi nkhuku za sukulu. Kunyumba ndiye amasankha mbewu ya nshawa, ndiye amayendera chimanga m'mawa kufunafuna ntchemberezandonda m'mitima mwake. Chilala cha 2024 chitawotcha munda wa amake, anaona kuti kachigawo kamene iye anaphimbira ndi mapesi n'kukumba maenje kanapirira kuposa kwina konse, ndipo ankafuna kudziwa chifukwa chake bwinobwino, osati zongomva. Ankafuna kudzakhala mlangizi wa zaulimi. Mwana ameneyu ndamuona kuyambira ali kumsana, koma zimenezi ndinazimva koyamba tsiku limenelo m'chipinda cha munthu wachilendo.

Mayiwo sanatamande maganizo a mwanayo ndipo sanawanyoze. Anatenga pepala la zotsatira n'kundiphunzitsa kuliwerenga. Pa mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso m'Zambia, 1 ndi 2 ndiko kukhoza kwapamwamba, 3 ndi 4 kumatsatira, 5 ndi 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Ife kumudzi timangofunsa kuti wapeza mapoyinti angati, powerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino. Muphwa wanga anali ndi 1 m'Chinyanja, 2 m'zaulimi, 3 m'Chingelezi, 3 mu Civic Education, 4 mu Biology, 5 mu Science ndi 6 m'masamu. Mapoyinti 18. Mayiwo anaika chala pa 6 wa masamuyo n'kunena kuti nambala yofunika kwambiri papepala lonselo ndi imeneyo, osati 1 wa Chinyanja amene ife tinkanyadira. Makoleji ndi mayunivesite ambiri amafuna makirediti asanu, kutanthauza maphunziro asanu amene mwana wapeza pakati pa 1 ndi 6, ndipo pamaphunziro a sayansi, zaumoyo ndi zaulimi, Chingelezi, masamu ndi sayansi ziyenera kukhala m'gulu la asanuwo. Akanapeza 7 m'masamu, zitseko zambiri zikanatsekeka ngakhale mapoyinti ake akanaoneka abwino, ndipo uphungu wawo ukanakhala woti ayambe walembanso masamu pa GCE. Anandiuza kuti ana ambiri amataya ndalama za mafomu chaka chonse chifukwa palibe anawauza kanthu kakang'ono kameneka.

Kenako ndinawaonetsa chithunzi cha pa WhatsApp chija. Apa ndi pamene ndinaona kuti ntchito yawo amaidziwa. Sananene kuti ndi akuba, sananenenso kuti ndi abwino. Anaitana mnyamata uja kuti atsegule kompyuta ife tikuona. Anandifotokozera kuti koleji iliyonse ili ndi bungwe loiyang'anira. Mayunivesite ndi makoleji a maphunziro apamwamba amalembetsedwa ndi Higher Education Authority (HEA). Sukulu zophunzitsa manesi ndi azamba ziyenera kuvomerezedwa ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia, ndipo amene waphunzira pamalo osavomerezedwa sangalembe mayeso a bungweli kapena kupatsidwa chilolezo chogwirira ntchito. Maphunziro ena a zaumoyo ali m'manja mwa Health Professions Council of Zambia, a uphunzitsi amakhudza Teaching Council of Zambia, a ntchito zamanja ndi a TEVETA. Anatsindika kuti sikokwanira kuti koleji ikhale yolembetsedwa, maphunziro enieniwo amene mwana akukachita ayeneranso kukhala ovomerezedwa pakolejipo. Tinafufuza dzina la koleji ija m'mindandanda iwiri ya sukulu zovomerezedwa, sitinalipeze. Anaimba nambala ija pafoni yawo, mawu ali pamtunda kuti tonse timve, n'kufunsa nambala ya chiphaso chawo ndi akaunti ya kubanki ya dzina la koleji. Munthuyo anati aimbanso. Mpaka lero sanaimbe. Ndinatuluka thukuta ngakhale kunja kunali mvula, chifukwa ndalama ija sinali yanga.

Ulendo wachiwiri anatiuza kuti tibwere ndi kope ndi cholembera, tsiku lowerengera ndalama. Ine ndinkaganiza kuti mtengo wa koleji ndi fizi basi. Iwo anajambula mizere papepala, pamwamba mayina a malo amene mwanayo angathe kulowa, m'mbali zinthu zolipira: fizi, malo ogona, chakudya, basi popita ndi pobwera pa tchuthi chilichonse, zovala za ntchito ndi majombo, mabuku ndi kusindikiza, foni ndi mabandulo a intaneti, ndi ndalama ya nthawi imene ophunzira amatumizidwa kukaphunzira ntchito kumalo ena, imene makolo ambiri saiganizira. Mitengo ya fizi sanaitchule pamtima. Chilichonse ankachitenga pa pepala la kolejiyo la chaka chimenecho, ndipo pamene panalibe pepala latsopano ankaimba foni kuofesi ya kolejiyo ife tili pompo. Atamaliza anandifunsa funso limene linandikhalitsa chete: mwezi woipa, umene anthu sagula mipando, mumapeza zingati? Anati tiwerengere pa mwezi woipawo, osati wabwino, chifukwa fizi imafunika mu Januwale ndi Febuluwale momwe, nthawi imene chimanga chili m'munda, nkhokwe zili pululu, ndipo aliyense akusaka ya feteleza. Dipuloma ndi zaka zitatu, digiri zinayi kapena kuposa. Anati waonapo ana ambiri olowa chaka choyamba ndi chikondwerero cha mudzi wonse, ng'ombe itagulitsidwa, n'kubwerera chaka chachiwiri opanda pepala lililonse.

Za thandizo la boma anazifotokoza momveka kuposa aliyense amene ndinamumvapo. Kumudzi timangoti "basale," koma anati pali zinthu ziwiri zosiyana. Ndalama ya HELSB (Higher Education Loans and Scholarships Board), bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016, ndi ngongole. Imathandiza amene apeza malo m'mayunivesite a boma monga UNZA ku Lusaka, Copperbelt University ku Kitwe, Mulungushi ndi Kwame Nkrumah ku Kabwe, kapena Chalimbana ku Chongwe. Ena amapatsidwa yonse, ena gawo chabe, ena sapatsidwa n'komwe, ndipo mwana akadzayamba ntchito amadulidwa pamalipiro mpaka atabweza. Ndalama ya chakudya ya ophunzirawa inachotsedwa mu 2019 n'kubwezeretsedwa mu 2023, ndipo mayiwo anatchula zimenezi pofuna kutichenjeza kuti chimene boma likupereka lero chitha kusintha mwana ali pakati pa maphunziro, choncho banja lisatsamire pamenepo ndi thupi lonse. Chachiwiri ndi basale ya CDF, thumba la chitukuko cha m'madera limene linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022. Imeneyi sibwezedwa, imalipirira achinyamata ovutika maphunziro a luso, ndipo fomu yake imadutsa kukomiti ya chitukuko ya m'wodi ya kumene mwanayo amakhala. Kwa ife zimenezi zinatanthauza Katete, osati Chipata. Ndikanapanda kuuzidwa ndikanataya masiku ndikuzungulira maofesi a kuno.

Pamalo ophunzirira, anayamba ndi zimene banja linkafuna kuti tisadzanene kuti anatibisira. Ndi makirediti akewo mwanayo akanatha kupempha malo a dipuloma ya unesi konkuno kum'mawa, kusukulu ya pachipatala chachikulu cha Chipata, ya ku St Francis ku Katete kapena ya ku Mwami, ngakhale opempha amachuluka kuposa malo. Pa zaulimi anatchula digiri ya ku UNZA, n'kunena mosabisa kuti ndi mapoyinti 18 mpikisano wake ndi wovuta, titha kuyesa koma tisaikepo mtima. Anatchula Natural Resources Development College ku Lusaka, imene anthu amangoti NRDC, ndi Zambia College of Agriculture ya ku Monze ndi ya ku Mpika. Pa mapu a pakhoma anatisonyeza kuti kuchokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa Great East, basi imodzi, ndipo NRDC ili mbali ya kum'mawa kwa mzindawo, kumene basi yathu imalowera. Monze ndi kupitirira Lusaka kulowera kum'mwera, basi yachiwiri. Mpika ndi kutali kwambiri mukadzera njira ya tala. Mwana akadwala, kapena kumudzi kukagwa maliro, mtunda umenewu umasanduka ndalama ndi masiku. Ine zimenezi sindikanaziika pasikelo.

Ndinawafunsa mwachindunji ngati zaulimi zili ndi ntchito. Yankho lawo ndi limene linandipangitsa kuwakhulupirira. Anati palibe pepala limene lili ndi ntchito m'thumba. Ambiri mwa amene analembedwa mu 2022, aphunzitsi ndi manesi omwe, anali atakhala pakhomo zaka zingapo chimalizireni maphunziro, ena akugwira ntchito yongodzipereka, ndipo makoleji akutulutsabe ena chaka ndi chaka. Alangizi a zaulimi nawonso boma silimawalemba chaka chilichonse. Koma anati chigawo chathu chimadya ndi khasu: pali malo ofufuzira zaulimi a Msekera konkuno, pali COMACO imene imagula zokolola kwa alimi, makampani a mbewu, a thonje, a fodya, ogulitsa mankhwala a mbewu ndi ziweto, ndipo wophunzira zaulimi ntchito ikachedwa amakhala ndi pogwira, pamene nesi wopanda chipatala amangodikira. Sanalonjeze kanthu kupitirira pamenepo.

Chovuta chinali mlongo wanga. Nditamuimbira madzulo analira, n'kunena kuti wavutika ndi khasu moyo wake wonse kuti mwana wake asadzaligwire, ndiye ine ndikumubwezera kumunda komweko. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa ndikudziwa manja ake mmene alili. Paulendo wachitatu ndinawauza mayi aja, iwo n'kupempha kuti ayankhule naye pafoni. Anayankhulana nthawi yaitali ngati amayi awiri, akumutchula kuti amake mwana, osamuphunzitsa ngati wa m'kalasi. Sindinamve zonse. Ndinangomva akumufunsa kuti mlangizi akabwera pamudzi pa njinga yamoto, anthu amamukhazika pansi kapena pampando. Anamuuzanso kuti nesi wolowa ntchito mokakamizidwa amavutika yekha, odwala akenso amavutika naye. Mlongo wanga sanavomere tsiku lomwelo. Anavomera patapita masabata awiri, atakambirana ndi bambo a mwanayo, ndipo anaika lamulo lakuti fomu imodzi ya unesi ilembedwebe. Mayiwo anati zimenezo n'zabwino, n'kulemba. Pa foni imeneyo sanatilipiritse kanthu.

Tsopano zimene sizinandisangalatse, chifukwa zilipo ndipo wopita kumeneko azidziwe.

Mnyamata wa pakompyuta ndi wachangu koma amathamanga. Pa fomu imodzi analakwitsa nambala ya reji ya mwanayo, anasinthanitsa manambala awiri. Tinazindikira tili kunyumba pamene muphwa wanga ankawerenga pepala losindikiza. Kukonza kwake kunatitengera maulendo awiri ndi mafoni angapo. Mayiwo anapepesa n'kutibwezera K50 ya fomuyo, koma tsiku limene ndinatseka shopu yanga palibe anandibwezera. Musachoke pamenepo musanawerenge chilembo chilichonse cha dzina, reji ndi nambala ya mayeso, mwanayo awerenge mokweza inu mutagwira reji m'manja.

Malaiti nawo anativuta. Inali nthawi imene magetsi ankazima maola ambiri chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku Kariba, ndipo ofesiyi inali ndi kabatire kongokwanira kompyuta imodzi, makina osindikizira ayi. Tsiku lina tinadikira kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa litapendeka. Vuto la magetsi si lawo, koma akanatha kulemba mayina n'kuuza anthu nthawi yobwerera m'malo motisiya pabenchi. Palibe dongosolo losungitsa nthawi, woyamba kufika ndiye woyamba kulowa, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale anthu amadzaza mpaka pamsewu. Thabwa logawa chipinda lija ndi lopyapyala kwambiri. Uli kutsogolo umamva zonse za kuseri, mapoyinti a mwana wa eni, umphawi wa banja la eni. Monga kalipentala ndinawauza kuti ndi matabwa ochepa ndi chitseko chimodzi nkhaniyi itha, anati aganizira.

Chifukwa cha thabwa lomwelo ndinamva chinthu chimene chinandipweteka kuposa zonsezi. Panalowa mnyamata ndi bambo ake, zotsatira zake zinali zofooka. Ndinamva mayiwo akuti, "Poti zavuta chonchi, basi tingoyang'ana ku Trades." Mawu akuti "tingoyang'ana" amenewo ndinapita nawo kunyumba. Chipata Trades Training Institute ndi Ukwimi Trades si kotayira ana olephera. Amene amamanga nyumba za m'tauni muno, kuika mawaya a magetsi, kuwotcherera zitseko ndi kukonza mapampu a madzi ndi anthu a ntchito zamanja, ndipo ambiri a iwo sadikira kuti boma liwalembe. Mwana wokhoza bwino amene manja ake amakonda zitsulo kapena matabwa ayenera kuuzidwa za njira imeneyi poyamba pomwe, mwaulemu wofanana ndi wa UNZA. Pa makoleji a dipuloma ndi mayunivesite mayiwa ndi katswiri, koma pa zamanja amadziwa mayina a sukulu chabe, sadziwa kusiyana kwa maphunziro ake ndi kumene amakafikitsa munthu. Ndinawauza zimenezi pamaso paulendo wotsatira. Anandimvetsera, n'kuvomera kuti zaka zawo zonse kusekondale ankayeza ana ndi mapoyinti, ndipo chizolowezicho sichinawachoke. Ndinawalemekeza chifukwa chosadzitchinjiriza, koma wopita ndi mwana wokonda zamanja apite akudziwa zimenezi.

Chinanso chaching'ono: ndinafunsa za ku Malawi, poti Lilongwe ili pafupi ndi ife kuposa Lusaka, ndipo yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ku Bunda anthu a kuno timaimva. Anati za kunja sathandiza, anangotiuza kuti mlendo amalipira mosiyana ndi nzika, ngongole ya HELSB siingamutsatire kumeneko, ndipo pepala la kunja liyenera kudzatsimikizidwa pobwera ndi ZAQA, bungwe lotsimikizira mapepala a maphunziro. Kwa ofesi imene ili pamtunda wochepa chonchi kuchokera pachipata cha Mwami, ndikanakonda akanadziwa zambiri.

Tinalemba mafomu anayi: NRDC, Monze, UNZA ndi imodzi ya unesi ija ya amake. Pa zonse, kuphatikiza uphungu, kulemba mafomu, kusindikiza ndi kujambula, ofesiyi inadya ndalama yosafika K500, kupatula zimene tinalipira kumakoleji enieniwo, kotsimikizira zotsatira ku ECZ ndi kodinditsa mapepala. Ku UNZA sanamutenge, monga anatichenjezera. Kalata ya ku NRDC itafika, muphwa wanga anathamanga kuchokera kunyumba mpaka kushopu kwanga opanda nsapato. Tinapita kukawauza mayi aja, ndipo m'malo mongosangalala nafe anatulutsa pepala lowerengera ndalama lija, limene anasunga m'faelo ya dzina la mwanayo, n'kutikumbutsa tsiku lomaliza kulipira ndi ndalama imene tinagwirizana kuti ine ndizipatula mwezi uliwonse, ndi imene amake adzawonjezere akagulitsa nshawa ndi soya.

Ngati mwana wanu akudziwa kale chimene akufuna, ali ndi foni yabwino ndipo pabanja pali wina amene anadutsa kukoleji posachedwa, mwina K150 yanu mutha kuisunga, chifukwa mindandanda ya HEA, TEVETA ndi ya manesi ili pa intaneti kwa aliyense, ndipo mphunzitsi wa zauphungu wa kusukulu kwake atha kumuthandiza ulele. Koma ngati muli ngati ife, mwana woyamba pabanja kufika giredi 12, makolo ali kumudzi, mafoni akulira ndi anthu olonjeza malo, pitani. Nyamulani reji ya mwana ndi yanu, pepala la zotsatira za giredi 12, tizithunzi tating'ono ta nkhope, ndi nambala ya foni imene sidzasintha chaka chonse, chifukwa makoleji amayankhira pamenepo. Fikani isanakwane 8 koloko. Akakupemphani kuti mukhale pabenchi, tulukani ndi mtima umodzi.

Muphwa wanga ndinamukhomera bokosi la mlombwa lokhala ndi loko, ndipo ndinamuperekeza ndekha pa basi ya m'mamawa mpaka ku Lusaka. Pa tchuthi choyamba anabwera ndi timatumba tapulasitiki, n'kutenga dothi m'ngodya zinayi za munda wa amake kuti akaliyeze. Amake anaima pamzere akumuyang'ana, kenako anapita kukamutengera khasu laling'ono lokumbira. Mlongosi wake wamng'ono, mnyamata, ali giredi 11 tsopano, ndipo tchuthi chilichonse amakhala kushopu kwanga akusula tizitsulo ndi kumasula mawailesi akufa. Ameneyo sindidikira Januwale. Ndidzapita naye kwa mayi aja mu Ogasiti anthu ali ochepa, ndipo tisanapite tidzayamba tadzera ku Chipata Trades kuti akaone yekha makina ndi kuyankhula ndi aphunzitsi a kumeneko.